Amayi Aang'ono a ku Joni

Buku lija ndidaliwerenga katatu, ndipo katatu konseko ndinkawerengera munthu wina. Pandekha sindikadalitola n'komwe. Sukulu ndidalekezera Fomu 2, chizungu changa chidali chongokwanira kupempha ntchito ndi kupepesa ndikaswa mbale. Koma adona amene ndinkawagwirira ntchito ku Joni maso adawathera ine ndikuona, ndiye masana alionse ndikamaliza kukolopa ankandiitanira pakhonde kuti ndiziwawerengera. Za bukulo ndi filimu yake ndinena, koma ndiyambe ndi mwana, chifukwa popanda iyeyo nkhani yonseyi ilibe mutu.

Mimba ndidatenga ndili pasukulu. Mwini wake adakana kwamtuwagalu n'kusowa pa Nsipe ngati sadabadwirepo. Akulu anga bere limodzi, achemwali a Esinati, adali atakhala pabanja zaka zingapo opanda mwana, ndipo kuchimuna kudali kutayamba kung'ung'udza. Mwana wanga Tiyamike atayamba kuyenda, amalume adatikhazika pansi tonse awiri. Adati nkhaniyi njosavuta: wina ali ndi mwana koma alibe chomulerera, wina ali ndi nyumba koma mulibe mwana. Ine ndipite ku Joni ndikasake, Tiyamike atsale ndi achemwali. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo, mwana wa m'bale wako ndi wako, ndipo ndidavomera msanga.

Achemwali ndiwo adaonjezera mawu awo titatsala awiri kuseri kwa nkhokwe.

"Ukandipatsa undipatsiretu. Sindikufuna kulera mwana woti tsiku lina adzandiloze chala kuti si inu mudandibala. Lumbira kuti sudzamuuza."

Ndidalumbira. Ndidali mwana, abale, ndinkaganiza kuti zaka ziwiri zikatha ndibwera ndi masutikesi, tidzaseka, lumbirolo lidzaiwalika lokha.

Tsiku lonyamuka tidaima pamsewu waukulu kudikira basi. Tiyamike adali kumbuyo kwa achemwali, akutafuna nzimbe, dovu lili chuchuchu paphewa pawo. Ndinkafuna alire. Ndikunena zoona, ndinkafuna alire mpaka anthu andiuze kuti tsika, mwana akukufuna. Sadalire. Basi itayamba kuyenda iye adali kuyang'ana mbuzi imene inkadya makoko a nthochi.

Mnzanga wa paulendo adali Felesiya wa ku Mlangeni, mayi wamkulu thupi ndi pakamwa pomwe, amene adali atapitako kale kawiri. Tikudutsa ku Tete, dzuwa likuotcha ngati pamoto, mkaka udayamba kutuluka wokha mpaka bulauzi yonse kunyowa. Ndidachita manyazi, ndidalira. Felesiya sadanditonthoze ndi mawu. Adavula chitenje chake, n'kundimanga nacho pachifuwa zolimba mpaka mpweya kubanika, n'kunena kuti pofika Joni ukhala utauma, mawere sachedwa kuiwala, chovuta ndi mutu. Adanena zoona pa zonse ziwiri.

Ku Joni tinkakhala anayi m'kachipinda kuseri kwa shopu ya munthu. Mbaula imodzi, beseni limodzi, chitseko chotseka ndi waya. Kuzizira kwa kumeneko si kwa kuno kwa mu Juni, kumalowa m'mafupa. Masiku a m'pasipoti atatha tidasanduka mbewa. Ukaona galimoto ya polisi umayamba kuyenda ngati mwini dziko, osathamanga, osatembenuka, ndipo Chichewa umachimeza. Felesiya adandiphunzitsa mawu anayi a chinenero cha eni dziko oti ndiziyankha, koma ndikangotsegula pakamwa anzanga ankagwa nako kuseka, ati ndikumveka Nsipe yokhayokha. Idafikanso nthawi ija ankathamangitsa alendo. Tidakhala masiku atatu osatuluka, tikudya buledi wouma, Felesiya akutiimbitsa nyimbo za kumvano chapansipansi kuti tisapenge.

Ndidachapa zovala za anthu, ndidalera ana a anthu, ndidasesa m'saluni. Kenako Mulungu adandiponyera kwa adona aja. Adali mayi wokalamba, wamasiye, ana ake onse ali kutsidya kwa nyanja. Adali wovuta pa tiyi koma mtima wake udalibe dothi. Kumeneko ndidakhalako zaka zambiri, kachipinda kangakanga, Lamlungu lokha n'kumapita kukaona anzanga.

Katundu ndinkatumiza pa matiransipota, anthu aja amayenda ndi magalimoto pakati pa Joni ndi kuno. Mabulangete, mapoto, yunifomu, ndi nsapato chaka chilichonse. Poti saizi ya mwana sindinkaidziwa, achemwali ankadula kachingwe kotalika ngati phazi lake n'kumpatsira wa tiransipota. Ndinkalowa nako m'shopu kachingweko, n'kumakalowetsa m'nsapato imodziimodzi, ogulitsa akundiyang'ana ngati wamisala. Mwana wanga ndidamuona akukula pa tizingwe. Kubwera ndidangobwera kawiri, ulendo wina pamaliro a mayi athu, chifukwa munthu wopanda mapepala ukatuluka sudziwa ngati udzalowanso.

Nthawi imeneyo achemwali ndi alamu adali atasamukira ku Balaka kumene alamu ankapala matabwa, ndiye Tiyamike adakulira pakati pa anthu osadziwa mbiri yathu. Ndikaimba foni ndinkamva achemwali akuitana kuti bwera ulankhule ndi amayi ako aang'ono a ku Joni. Kenako kamawu kaulemu: muli bwanji amayi aang'ono, zikomo chifukwa cha nsapato. Basi, foni yabwerera kwa eni ake. Ndikadandaula, Felesiya ankandidula kuti madzi akatayika saoleka, thokoza kuti mwana akudya ndipo ali pasukulu. Ndinkamutukwana mumtima.

Tsono buku lija. Chaka chimenecho aliyense adali nalo. M'sitima, m'mawindo a mashopu, ngakhale namwino wa adona ankayenda nalo m'chikwama. Mwana wawo adawatumizira, ine n'kuyamba kuwerenga mopunthwapunthwa, iwo akundikonza katchulidwe. Nkhani yake idali ya m'katauni kena ka m'mbali mwa nyanja yamchere. Dokotala wokalamba wa m'menemo adapezeka atafa, makalata ake onse atatenthedwa. Kudabwera tekitivi wamkazi kudzafufuza. M'nyumba ina yolemera mudali mtsikana woti akwatiwe, mayi ake, ndi mng'ono wa mayi akewo amene adangobwera kumene kuchokera kunja atasowa zaka zambiri. Aliyense ankakayikira wobwerayu, ine ndemwe. Kumapeto tekitivi adawasonkhanitsa onse n'kuulula kuti wakupha dokotala ndi bambo wa nyumbayo, ndipo adamupha kuti asanene chinsinsi: wobwera uja si anti wa mtsikanayo ayi, ndiye mayi ake womubala.

Nditafika pa mzere umenewo mawu adandithera. Adona adaganiza kuti ndakumana ndi liwu lovuta, adati nditchule chilembo chimodzichimodzi. Ndidati ketulo yawira, n'kuthawira kukhitchini. Ketulo idali isanaikidwe n'komwe pamoto. Ndidaima pamenepo ndikudzifunsa kuti mzungu amene sadafikepo pa Nsipe wazidziwa bwanji za ine.

Adona adalikonda bukulo moti tidalibwereza kawiri. Filimu yake itatuluka adaumirira kuti tipite tikaione, chonsecho maso awo ankangoona zithunzithunzi. Tidapita masana pa takisi, ine ntchito yanga kuwanong'oneza zimene zikuoneka. Kadali koyamba kulowa m'nyumba yoonetsera mafilimu, mipando yofewa, chinsalu chachikulu ngati khoma la tchalitchi. Adona sadakhutire ngakhale pang'ono. Ati tekitivi wa m'buku adali wonenepa ndi wotsimphina, uyu amutenga kuti wowonda ngati bango? Galu wa dokotala amusiya kuti? Ankadandaula mokweza mpaka a kutsogolo kutembenuka.

Koma pamene tekitivi adanena mawu aja, holo yonse idapuma kamodzi. Ndidamva ndi makutu anga anthu mazana akukoka mpweya. Mayi wina pambali panga adagwira pakamwa, misozi ili mbwee. Ndiye opanga filimu adasintha mathero. M'buku mtsikana uja atamva zoona adangolowa kuchipinda n'kutseka chitseko, mayi womubala n'kukwera sitima kubwerera kumene adachokera. M'filimu mtsikanayo adathamanga mpaka kudoko, nsapato kumanja, akukuwa kuti mayi, mayi, n'kukumbatirana pamaso pa anthu. Adona adakwiya njira yonse yobwerera, ati awononga, wolemba buku ankadziwa anthu, awa angofuna kutigulitsa misozi. Mumtima ndidati bukulo khalani nalo, ine yanga ndi filimu.

Adona atamwalira ana awo adabwera kudzagulitsa nyumba. Adandipatsa tivi ya pabalaza ndi mapoto, n'kundithokoza bwino. Msana udali utayamba kundivuta, ndipo ntchito yatsopano pa msinkhu wanga, wopanda mapepala, sinkaoneka. Felesiya adandiperekeza kokwerera basi. Iye adati sabwera, kwawo adatsala ndi manda okhaokha oti akawaone. Adandigwira dzanja n'kundichenjeza kuti ndikafika ndisakafukule zimene zidakwiriridwa, fupa lokakamiza limaswa mphika.

Ndidapeza Nsipe itasintha, mashopu mbali zonse, njinga zamoto pena paliponse. Kanyumba kanga ka malata kadali katatha, kamene achemwali adandiyang'anirira pomanga, ndipo pamenepo sindingawanenere choipa, sadadyepo ngakhale njerwa imodzi. Iwo adali atabwerera kumudzi alamu atamwalira. Ndidasiya mayi wamphamvu wosenza thumba la chimanga yekha, ndidapeza munthu wotupa miyendo, wa bipi, woyenda ndi mapiritsi m'kansalu. Tiyamike adali mphunzitsi wa pulayimale. Adabwera kudzandilonjera, adagwada patali, adandipatsa moni wa manja awiri, adafunsa za ulendo. Ulemu wake udali wosadandaulitsa, ulemu umene umapatsa mlendo wa abusa. Mano ake, kaseweretsedwe ka zala akamalankhula, zonse zidali zanga, koma ndikafuna kumuyang'anitsitsa ndinkachita kuba.

Sipadapite nthawi ndidamva kuti wapeza banja, mnyamata wa ku Boma wogwira ntchito kuchipatala, ndipo chinkhoswe chili pafupi. Komiti idakhala pansi kugawa ntchito. Achemwali, mayi wa mkwatibwi, mpando wa kutsogolo ndi nsalu yawoyawo. Ine adandipatsa ukulu wa kukhitchini, ati poti ndidaphikira azungu. Anthu adaomba m'manja ngati andipatsa ufumu, inenso ndidamwetulira. Kunyumba ndidakakhala pamphasa osavula nsapato. Mpandowo sindinkaufuna, Mulungu ndi mboni, achemwali adaugwirira ntchito. Ndinkangofuna kuti mwanayu asanapite kwa eni ake adziwe kuti adatuluka mwa ine, ndipo anditchule kamodzi kokha kuti amayi, popanda kamchira kaja.

Apa ndi pamene nzeru zopusa zidandibwerera. Ndidati ine ndidalumbira kuti sindidzanena, koma sindidalumbire kuti sindidzaonetsa filimu. Tikakhala awiri, iye ndi ine, tekitivi akanena mawu aja, ndidzangomuyang'ana. Mwana ndi wophunzira, adzamva yekha.

Ndidakwera minibasi kupita ku Boma, kumsika kumene amalowetsa nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi. Bambo wa pamenepo adasakasaka pakompyuta yake mpaka adaipeza. Adandifunsa ngati ndikufuna ya chizungu kapena yomasulira. Zomasulirazi ine ndidazipeza kuno, pamene ndinkachoka kudalibe: munthu amatenga filimu ya azungu n'kumalankhula Chichewa pamwamba pake, mawu a amuna ndi a akazi omwe iye yekha. Tiyamike chizungu amachidziwa kuposa ine, ya chizungu ikadakwana. Koma ndidaganiza kuti mawu otere ayenera kumufika m'chinenero chimene adayamwira, asakhale ndi pothawira. Ndidati mundipatse yomasulira. Kunyumba sindidaiyese n'komwe, ndinkaopa kuti ndikaionera ndekha mtima ubwerera m'mbuyo.

Ndidamuitana Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi, ndidati abwere adzasankhe mapoto a kubanja. Ndidaphika tiyi wamkaka, ndidagula mabanzi. Nditamva odi ndidatuluka mothamanga, n'kupeza ali awiri. Adati sakadawasiya okha amayi, kuyambira m'mawa akudandaula chizungulire. Achemwali adalowa pang'onopang'ono, adakhala pampando wa ndalema, ali ndi kalichero ka mtedza woti aziswa. Pamenepo ndikadasiya. Ndikadatulutsa mapoto, tikadamwa tiyi, bwenzi zitatha bwino. Koma fulashi idali kale pa tivi, ndipo Tiyamike yemweyo ndiye adati tiyikireni filimu ya ku Joni tione. Dzanja langa lidangodina lokha.

Phokoso litangomveka, a Nachisale oyandikana nawo nyumba adasuzumira pakhomo, ati amafuna kubwereka sefa. Sefayo adaiiwala, adakhala pansi. Adabweranso amayi ena awiri ochokera kumjigo. Kwathu kuno sungathamangitse munthu pa tivi, ungatchuke dera lonse. Mabanzi ndidachita kuwadula pakati.

Womasulirayo adali munthu wanthabwala, ndimupatse zake. Dokotala wakufa adamutcha adokotala a pa Boma, tekitivi adamutcha mayi Nabanda, nyanja ija ati ndi damu la mpunga. Anthu ankaseka, inenso poyamba ndidaseka nawo. Koma atangotulukira mayi wobwera uja ndi sutikesi yake, womasulira adati, awa ndi amayi ake aang'ono a mtsikanayu. Sadalakwe, mng'ono wa mayi ako ungamutche chiyani? Kungoti pakamwa pake pankathamanga, ndiye posakhalitsa kamchira kaja adakataya. Adayamba kungoti amayi ake awa, amayi ake enawa. Mtsikana akati anti, iye ankati amayi. Filimu isanafike n'pakati pomwe, mtsikanayo adali atamutchula mayi wobwerayo kuti amayi kakhumi konse, ndipo palibe adaphethira.

Ku Joni chinsinsi chonse chidagona pa mawu awiri osiyana, anti ndi mayi, ngati mitsinje iwiri. Kuno adali madzi amodzi. Ndidakhala zaka zonse zija ndi filimu imeneyi mumtima osaganizapo zimenezi, ine mwana wa pa Nsipe.

Idafika nthawi ija. Tekitivi waimirira pakati pa balaza, onse akhala chete, nyimbo yatsika. Ndidayang'ana Tiyamike. Womasulira adakweza mawu:

"Mtsikana iwe, amayi akowa si amayi ako ayi. Amayi ako ndi amayi akowa."

Adaima kaye, ngati wadzimva yekha zimene wanena, kenako adaphulika kuseka m'filimu momwemo. Adati azungu inu, ndiye mwapha dokotala wabwinobwino chifukwa cha zimenezi? A Nachisale adagwa chagada nako kuseka. Ati nanga chachilendo n'chiyani, onsewo si amayi ake, akadabwera kuno tikadawaweruzira ulere dokotala ali moyo. Amayi a kumjigo aja adagwirizana nazo, wina n'kuyamba kuwerenga pa zala amayi amene iye ali nawo. Tiyamike adamwetulira pang'ono, maso ali pa tivi, osatembenukira kwa ine.

Munthu mmodzi yekha ndiye adaimva filimuyo monga ndidafunira, ndipo sadali amene ndinkamufuna. Manja a achemwali adali ataima m'lichero. Sadandiyang'ane mokwiya, bola akadatero. Adandiyang'ana ngati munthu amene wapeza mbala m'nyumba n'kuona kuti ndi m'bale wake. Milomo idawauma. Adapempha madzi, adameza piritsi, n'kunena chapansipansi kuti mutu wawakulira, akufuna akagone. A Nachisale adadzuka kuti awaperekeze. Tiyamike adafuna kupita nawo, koma iwo adati tsala uthandize amayi ako aang'ono kutsuka makapu. Mawu akuti aang'ono adawatchula bwinobwino, chilembo chilichonse.

Mathero aja, mtsikana akuthamangira kudoko nsapato kumanja, adadutsa popanda woonera. Amayi a kumjigo adali akukangana za mtengo wa tomato, ndipo womasulira adali akupereka moni kwa anzake a pasiteji ya minibasi, mmodzimmodzi ndi maina awo. Pamene awiriwo ankakumbatirana iye adali akulengeza kuti amajambulanso maukwati.

Anthu atabalalika tidatsala awiri kuseri, pathandala. Iye ankatsuka, ine ndikutsukuluza.

"Filimu ija mwachita kuisankha, amayi aang'ono."

Ndidapitiriza kutsukuluza. Lumbiro lija lidali lisanandimasule.

"Ndidamva ndili Sitandade 6, titabwera kuno kumaliro a agogo. Amayi ena ankanena kumjigo, osadziwa kuti ndili kumbuyo kwawo."

Ndidakhala pa chidebe. Zaka zonsezo ankati zikomo chifukwa cha nsapato akudziwa. Ndidamufunsa chifukwa chake sadandifunsepo, ngakhale pafoni. Adati akadafunsa bwanji foni ili m'manja mwa amayi, ndipo pambuyo pake adaona kuti palibe chimene chingasinthe: amene adamugoneka kuchipatala atadwala malungo aakulu ndi iwowo, amene adamulangiza atakula ndi iwowo. Sadanene mondinyoza. Adanena monga mmene mphunzitsi amafotokozera mwana wochedwa kumva. Adatinso sandida, sadandidepo, ndipo amadziwa kuti sukulu yake idachokera m'manja mwanga.

"Koma amayi sadziwa kuti ndikudziwa, ndipo sindikufuna adziwe. Mwawaona lero. Ndikukupemphani, musadzawachitenso zimenezi."

Ndidavomera ndi mutu. Lumbiro lachiwiri limenelo, pa nkhani yomweyo, kwa mwana amene ndidabala ndekha. Kenako ndidachita chinthu chimene mpaka lero ndimachita nacho manyazi. Ndidapempha. Ine munthu wamkulu, imvi zili mbuu, ndidamugwira mkono wonyowa ndi sopo.

"Pano palibe munthu, Tiyamike. Ungonditchula kamodzi kokha. Sindidzapemphanso."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndidaona kuti akuyesa. Milomo idagwedezeka. M'maso mudadzaza misozi. Kenako adapukusa mutu.

"Ndikangoyamba, tsiku lina lidzandipulumuka pamaso pawo."

Adapukuta manja pachitenje, adagwada, adati tsalani bwino amayi aang'ono, ndikaone mmene afikira. Mapoto aja sadasankhe, ndidachita kumutumizira mawa lake.

Chinkhoswe chidayenda bwino, anthu mpaka lero amayamikira mpunga wake. Ndidadzuka nawo m'mamawa, ndidayang'anira miphika yonse, palibe adabwerera ndi njala. Chapakati pa mwambo ndidamva wotsogolera akunena pa chimkuzamawu kuti tsopano amayi onse a mkwatibwi aimirire, akuchimuna awaone. Mayi wina adandikoka kuti fulumirani, akuitana inu. Ndidatuluka m'khitchini utsi uli m'maso. Achemwali adali kutsogolo, Tiyamike atawagwira mkono kuti adzuke bwino. Kumbuyo kwawo kudaimirira ana a amayi athu aakulu, ana a amayi athu aang'ono, ndi ena a ku Mlangeni amene ubale wake sindiudziwa bwino. Tidaimirira asanu ndi awiri. Ine ndidali kumapeto, pafupi ndi mulu wa nkhuni, chipande chili m'manja, ndipo anthu adatiombera m'manja tonse pamodzi.